Kamera ya pa Geti Italankhula

Anthu a m'nyumba ina yosanja ankamutchula kuti Nawaya. Amene anayambitsa dzinali ndi mlonda wa pa geti, bambo wachikulire wokonda nthabwala, atamuona tsiku lina akutsika pa makwerero mawaya ali m'khosi ngati mikanda. Dzinalo linamera mizu, ndipo mwiniwake sanalikane. Kunena zoona linamuthandiza, chifukwa munthu akakhala ndi dzina loseketsa, anthu safunsanso lenileni.

Ntchito yake inali kusamalira chilichonse chodutsa mu waya m'nyumbamo: makamera a m'makonde ndi ya pa geti, kamakina kowerenga makhadi otsegulira chitseko, intaneti ya anthu a lendi, ndi sipika yomwe mlendo amalankhulirapo akafika pa geti. Ofesi yake inali kachipinda ka pansi pa masitepe, kopanda zenera, komwe munthu wamtali ankalowa chowerama. Munali tebulo, masikirini, ketulo, ndi bokosi lakuda lomwe mawaya onse a makamera ankathera. Iye ndi mwana wake wamkazi, yemwe anali atangoyamba kumene sukulu, ankagona m'chipinda cha kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi.

Ntchitoyi sanaiphunzire m'kalasi. Anaiphunzira atagwira makwerero. Mwamuna amene anakwatiwa naye ali mtsikana anali mmisiri woika makamera m'masitolo ndi m'nyumba za anthu, ndipo poti sankafuna kuti mkazi wake atsale yekha pakhomo, ankamutenga kulikonse. Poyamba Nawaya ankayesa chikondi. Ankamupatsira pulayasi, kukoka waya m'denga, kenako anayamba kulumikiza yekha ndi kutchera mapulogalamu. Koma luso lomwelo mwamunayo ankabwera nalo kunyumba. Anaika kamera kukhitchini, ina pakhonde. Foni ya mkazi wake ankaidziwa ngati thumba la buluku lake. Akaweruka ankafunsa modekha, akumasula zingwe za nsapato, kuti n'chifukwa chiyani anaima nthawi yaitali pa golosale, nanga amene anamupatsa moni uja ndani. Yankho likapanda kumukhutiritsa, ankayamba watseka kaye mawindo. Nawaya anathawa m'mawa wina mwana ali kumsana, foni ataisiya pa tebulo ikadali yoyaka kuti aoneke ngati ali m'nyumba.

Kuyambira pamenepo anadzifufuta pa intaneti. Analibe tsamba lochezerapo, analibe chithunzi paliponse, ndipo nambala yake yatsopano ankaidziwa achemwali ake ndi mayi eni nyumba okha. Anthu a lendi akamafuna kumujambula pa chisangalalo cha mwana, iye ankakumbukira ntchito ina ya kudenga.

Komatu wosamalira makina sangakhale wosamva nkhani. Mapulogalamu a m'makamera ndi m'zitseko amapezeka ndi zolakwika, ndipo makampani owapanga amatulutsa zokonzera, zomwe amisiri amangoti apudeti. Ukachedwa kumva, umasiya khomo lotsegula osadziwa. Nawaya anali ndi njira yake yomvera. Kale masamba ambiri a pa intaneti ankakhala ndi kachizindikiro kooneka ngati lalanje pakona, ndipo ukakadina unkapeza chomwe amati fidi. Uwu unali mzere wa nkhani za tsambalo, womwe kapulogalamu ka pa kompyuta yako kankakatenga kokha n'kukuyalira pamodzi ndi nkhani za masamba ena. Fidi sinkafunsa dzina, sinkafunsa nambala ya foni, sinkafuna nkhope ya munthu. Unkamva zonse wosaonekera. M'mawa uliwonse, akaperekeza mwana pa geti, Nawaya ankathira tiyi, kutsegula kapulogalamu kaja, n'kuona ngati pali kampani yomwe yanena kanthu.

Zaka zikupita, mafidiwo anayamba kuuma. Makampani ena ankatsanzika mwaulemu, kunena kuti anthu sakugwiritsanso ntchito njirayi, aliyense awatsatire pa masamba ochezera. Amenewo Nawaya ankawapezera njira ina, monga kupita yekha pa tsamba lawo nthawi ndi nthawi. Koma ena ankangoti zii osatsanzika. Fidi ya kampani ya makamera inali imodzi mwa zimenezo. Dzina lake linali pomwepo pa sikirini, nkhani yomaliza ili yakalekale, ndipo iye ankaliyang'ana m'mawa uliwonse n'kuganiza kuti kulibe vuto. Kampani yopanda chonena, mwa iye, inali kampani yomwe zinthu zake zikuyenda bwino.

Masana ena, nthawi yoti ana aziweruka, mlonda anagogoda pa kachitseko kake akumwetulira.

"ANawaya, mwayamba liti kusewera ndi nkhalamba ngati ine?"

Nawaya anafunsa kuti akutanthauza chiyani. Mlonda anafotokoza kuti popita kukatunga madzi pa mpopi, kamera ya pa geti inamutsatira ndi mutu wake mpaka pakona, pobwerera chimodzimodzi. Kenako sipika inaimba kamluzu. Iye anaikwezera dzanja kamerayo, ndiponso anaivinira pang'ono, poganiza kuti ndi mayi wa pansi pa masitepe akuchotsa tulo.

Nawaya sanaseke. Anali asanakhudze makamera tsiku lonse. Ankalumikiza waya wa intaneti womwe mwana wa m'chipinda china anadula. Anatembenukira ku sikirini. Chithunzi cha pa geti chinali chikuyenda. Chinachoka pa mpando wa mlonda, n'kudutsa pa chipata pang'onopang'ono, n'kuloza mumsewu. Manja ake onse awiri anali pa mawondo. Anayang'ana kambewa ka kompyuta, kali phee pa tebulo. Chithunzicho chinaima, kenako chinayamba kuyandikira, ngati munthu wosuzumira. Mumsewumo munkabwera gulu la ana a sukulu, akukankhana ndi zikwama. Kamera inawatsatira. Wachitatu kuchokera kutsogolo, sokosi imodzi itagwera pa nsapato, anali mwana wake.

Kunja, kudzera pa chitseko chotsegula, anamva sipika ikukhosomola. Panatuluka mawu a mwamuna, otsika, osweka ndi phokoso la waya. Sanamve chomwe ananena. Anagwada pansi pa tebulo, anapeza waya wolumikiza bokosi lakuda ku intaneti, ndipo anaukoka mwamphamvu moti kapulasitiki kake kanathyoka. Kenako anathamanga. Anadutsa mlonda, anatuluka pa geti, anagwira mwana pamkono n'kumukokera mkati, nkhope yake ataiweramitsa ngati kukugwa mvula. Mwanayo ankalira kuti mkono ukupweteka, anzake ataima kukamwa yasa.

Atamutsekera m'chipinda ndi kutseka makatani, anabwerera kwa mlonda kukafunsa chomwe mawu aja ananena. Bamboyo tsopano anali atasiya kumwetulira. Anati kwa iye zinamveka ngati akuti "ndakuona," koma anavomereza kuti khutu lake la kumanzere linatha kale ntchito, ndipo mwina chinali chilankhulo cha dziko lina. Nawaya anamufunsa kangapo. Nthawi iliyonse yankho linkasintha pang'ono, mpaka anaona kuti akungomuzunza mkuluyo.

Anakhala pa kompyuta n'kupita pa tsamba la kampani ya makamera. Kachizindikiro ka lalanje kanali katachotsedwa. Atafufuza anapeza kachidziwitso kakang'ono, kakale, konena kuti fidi inatsekedwa chifukwa oigwiritsa ntchito anali atachepa, ndipo mauthenga onse tsopano amapita pa foni za anthu olembetsa. Pamwamba pake panali chidziwitso china cholembedwa mofiira. Chinkati mu pulogalamu ya makamerawo munapezeka chibowo chomwe munthu wakunja angalowerepo, kuona zonse, kutembenuza kamera ndi kulankhula pa sipika, ndipo aliyense aike apudeti mwamsanga. Anayang'ana deti lake. Linali la miyezi yambiri m'mbuyo.

Anaganiza za masiku onse amene anadutsa pansi pa kamera ija nkhope ili poyera: popita kumsika, potaya zinyalala, poperekeza mwana, tsiku lina ataima nthawi yaitali pomwepo akuseka ndi mlonda. Kamerayo anaiika yekha, anailoza yekha, ndipo galasi lake ankalipukuta yekha ndi kansalu, nkhope ataiyandikitsa.

Anadina pa batani lotengera apudeti. Tsambalo linamuuza kuti ayambe walembetsa. Linkafuna dzina monga lilili pa chiphaso, nambala ya foni, ndi adiresi ya malo amene makamera ali. Pansi pake kampani inkadzitamandira kuti mmisiri aliyense wolembetsa amaikidwa pa mapu, kuti makasitomala azimupeza mosavuta. Mapu otero Nawaya ankawadziwa. Mwamuna uja ankakonda kuwatsegula akamapuma, n'kumayendetsa chala kuti aone amisiri atsopano amene alowa m'dera lake. Anatseka tsambalo ngati lamuwotcha.

Vuto linali lakuti makhadi a pa geti ankadalira bokosi lomwelo. Pofika madzulo anthu oweruka kuntchito anali akugunda chitsulo ndi makiyi, mlonda akuthamanga uku ndi uku kutsegula ndi manja. Namwino wa m'chipinda chapakati anachedwa kuntchito. Bambo wina wa galimoto yaikulu anafunsa mokweza kuti makamera akazima, galimoto yake akabera magalasi adzafunsa ndani. M'mawa mwake mayi eni nyumba anamuitanitsa.

Mayiwa anali amasiye, onenepa, odwala mawondo, ndipo ankakhala pamwamba penipeni, komwe sankatsikako kawirikawiri. Sanali ankhanza, koma mtima wawo unali pafupi. Nawaya anafotokoza za chibowo, za fidi, za apudeti. Iwo anamvetsera theka, kenako anafunsa ngati mankhwala ake alipo. Anayankha kuti alipo, koma pafunika kulembetsa dzina.

"Ndiye mukudikira chiyani? Lembani. Dzina silitha ngati sopo."

Nawaya anayang'ana pansi. Anati ayesa njira ina. Mayiwo anati iwo za njira sazidziwa, chomwe akufuna n'chakuti geti lizitseguka ndipo makamera aziona, ndipo ngati ntchito yamukulira anene msanga apeze mmisiri wina. Mawu akuti mmisiri wina anamubaya kuposa ena onse. Amisiri a makamera amadziwana. Amakumana m'masitolo a mawaya, amabwerekana zitsulo, amasimbirana za nyumba zomwe agwirako ntchito ndi anthu amene anawapeza kumeneko.

Tsiku limenelo mwana sanapite kusukulu. Nawaya anamuuza kuti aphunzitsi akudwala, ndipo mwanayo anafunsa kuti nanga anzake akupita kukatani. Analongedza chikwama: zovala zochepa, chiphaso, khadi la kuchipatala la mwana, n'kuchikankhira pansi pa bedi. Njinga yamoto iliyonse yodutsa mumsewu inkamuimitsa mtima, poti mwamuna uja ankayenda pa njinga yamoto. Wina akagogoda kufunsa za intaneti, ankayamba wayang'ana mapazi ake pansi pa chitseko. Anayesa kufufuza apudeti ija pa masamba ena, ndipo anaipeza pa tsamba lina lachilendo, koma sakanadziwa ngati mkati mwake simunabisike zoipa zoposa chibowo chija. Anaisiya.

Masana anaimbira achemwali ake, telala wa tsidya lina la mzinda, yemwe anamubisa kuseri kwa shopu yake miyezi yoyamba atathawa. Anabwera tepi yoyezera ikadali m'khosi. Anaona makatani otseka, anaona mwana akujambula pansi mumdima, anawerama n'kuona chikwama, ndipo anakhala pa bedi osavula nsapato.

"Ukuthawiranso kuti, iwe? Mwanayu wangodziwa kumene dzina la aphunzitsi ake."

Nawaya anati sakudziwa, koma sangakhale pamalo pomwe munthu uja wawaona. Achemwali anafunsa ngati ali ndi umboni kuti ndi iyeyo. Analibe. Anafunsa ngati mawuwo anawazindikira. Nawaya anati thupi lake linawazindikira, ngakhale makutu sanamve bwino. Achemwali anapumira m'mwamba. Anapereka maganizo oti alembetse m'dzina la amuna awo, koma Nawaya anakana: dzina la mlamu wake munthu uja ankalidziwa bwino lomwe, ndipo likanakhala pa mapu pambali pa adiresi ya nyumba yomweyi. Kunja chitsulo cha pa geti chinkagundidwabe.

Pomaliza achemwali anati palibe kuchitira mwina, mayi eni nyumba auzidwe zoona. Apa mpamene Nawaya anachita mantha atsopano. Anali ataonapo eni nyumba akutulutsa munthu chifukwa chongomva kuti ali ndi mavuto omutsatira. Ndani angafune wantchito yemwe tsiku lina mwamuna wolusa adzabwera kudzamufuna pa geti, pamaso pa anthu a lendi? Achemwali anayankha kuti akamuthamangitsa, chikwama n'cholongedza kale, sataya kanthu. Anamugwira dzanja ngati mmene ankachitira ali ana powoloka msewu, ndipo anakwera masitepe onse mpaka pamwamba, akupuma pa nsanja iliyonse.

Anawapeza mayi eni nyumba ataviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, wailesi ya kanema ikulankhula yokha. Achemwali ndi amene anayamba, mosazungulira, ngati akufotokozera kasitomala pomwe nsalu yang'ambika. Atafika pa za mawindo otsekedwa, Nawaya anatambasula dzanja lake lamanzere. Chala chaching'ono chinali chopindika, chosawongoka. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti anagwa pa makwerero, poti ndi zomwe ankanena. Mayiwo anachiyang'ana chalacho nthawi yaitali. Anazimitsa kanema.

"Ine nthawi yonseyi ndimayesa ndinu munthu wonyada," anatero. "Wosafuna kujambulidwa, wosafuna kupereka nambala kwa anthu a lendi. Kani ndi zimenezi."

Anafunsa ngati mwini nyumba angalembetse yekha, osati ngati mmisiri. Nawaya anali ataliona gawo limenelo pa tsamba lija. Eni makamera sankaikidwa pa mapu. Sanalingalire n'komwe zopempha, chifukwa kupempha kukanafuna kufotokoza. Mayiwo anatumiza achemwali kuchipinda kukatenga chikwama cha m'manja ndi magalasi. Kulembetsako kunatenga nthawi. Anadandaula kuti chithunzi cha pa chiphaso chawo chimaoneka ngati cha wakuba mbuzi, anaiwala mawu achinsinsi atangowasankha kumene, ndipo nambala yotsimikizira itabwera inasochera pakati pa mauthenga a achibale ndi mavidiyo a adzukulu. Achemwali anaseka.

Asanatuluke, mayiwo anawonjezera mawu ena omwe sanamukomere. Anati mlonda ayenera kudziwa, chifukwa sangalondere munthu wosamudziwa, ndipo ngati mwamunayo adzafika pa geti, iwo adzaitana apolisi, sipadzakhala zobisalirana. Nawaya anaona kuti chinsinsi chomwe anachisunga zaka zonsezi tsopano chili m'kamwa mwa anthu ena, ndipo sakanatha kuchibweza. Anavomera ndi mutu.

Mlonda atauzidwa, anavula chipewa n'kuchigwira pa chifuwa. Anapepesa chifukwa cha kuvina kuja, ngati kuti ndi kumene kunabweretsa tsoka. Anapempha chithunzi cha munthuyo, koma Nawaya analibe ngakhale chimodzi, choncho anamufotokozera ndi pakamwa: wamtali pang'ono, mapewa otambalala, woyenda mopendekera kumanja chifukwa chozolowera kunyamula makwerero, waulemu kwambiri polankhula. Mlonda anati ulemuwo ndiye woopsa, chifukwa iye amatsegulira msanga anthu aulemu.

Makamera a m'makonde analandira apudeti ali pomwe anali. Ya pa geti inakana. Inafunika kuti munthu akwere, atsegule kachivundikiro kake, adine kabatani ka mkati, ndipo makwerero anayenera kuima kunja, mbali ya msewu. Nawaya anakwera m'mawa wotsatira, msana ataulozetsa kwa anthu odutsa. M'moyo wake anali atakwerapo malo aatali kuposa pamenepo osaganiza kawiri, koma tsiku limenelo zinali zina. Sankaona amene akubwera kumbuyo kwake. Ankangomva mapazi, mabelu a njinga, mayi wogulitsa zipatso akuitana, ndipo phazi lililonse likachedwetsa liwiro pafupi ndi geti, iye ankayamba waimitsa ntchito. Kasikulu kamodzi komangira kachivundikiro kaja kanamupulumuka n'kugwera mu ngalande. Mlonda, yemwe anagwira makwerero ndi manja onse, ankamuuza motsitsa mawu aliyense wodutsa: uyu ndi wa mabotolo, uyu ndi mwana wa sukulu wochedwa, awa ndi agogo a nyumba ya tsidya. Nawaya anadina kabatani kaja, anadikira nyali yofiira isanduke yobiriwira, anatseka kachivundikiro. Atatsika, malaya ake anali atamatirira kumsana, ndipo anakhala kaye pa mpando wa mlonda.

Geti linayambanso kumvera makhadi. Anthu a lendi anaiwala nkhaniyo tsiku lomwelo. Nawaya yekha ndi amene anatsegula bokosi lakuda pa kompyuta kuti aone amene ankalowa. Anapeza kuti sanali munthu mmodzi. Makompyuta a m'mayiko osiyanasiyana anali atasuzumirapo, ena kamphindi chabe, ena mobwerezabwereza. Powerenga zomwe amisiri ena analemba, anamva kuti pali anthu osowa chochita omwe amapatsirana makamera osatseka n'kumasewera nawo, kuopseza anthu kuti aseke. Izi zinamutsitsa mtima pang'ono. Koma amene analowa masana a tsiku lija anali atabisa komwe ali, ndipo kubisa kotero munthu uja ankakudziwa. Achemwali anafunsafunsa mochenjera kwa anthu akale. Wina anati mwamuna uja anasamukira kutali ndi mkazi watsopano. Wina anati anamuona posachedwa pa depoti ya mabasi. Palibe chomwe chinatsimikizika.

Nawaya sanachoke. Mwana anabwerera kusukulu, ndipo mlonda anayamba kusuntha mpando wake kuti aziona mpaka pakona nthawi yoweruka. Mauthenga a kampani tsopano ankafika pa foni ya mayi eni nyumba. Nthawi zina ankafuula kuchokera pamwamba pa masitepe kuti kwabwera kauthenga ka makamera, ndipo Nawaya akakwera ankapeza kuti ndi malonda chabe a makamera atsopano. Nthawi zina ankafufuta uthenga weniweni poyeretsa foni. Choncho Nawaya anazolowera kukwera yekha m'mawa uliwonse kukafunsa, n'kuwathandizako kuthira madzi m'beseni.

Patapita milungu ingapo, m'mawa wina dzuwa litakwera, mlonda anabwera pa kachitseko kaja osagogoda. Analankhula monong'ona. Anati pa geti pali bambo wina, waulemu, akufunsa mayi wa makamera. Sanamutsegulire.

Mwana anali kusukulu, ndipo msewu wa kusukuluko unkayambira pa geti lomwelo. Nawaya anayang'ana pa sikirini. Munthuyo anaima chammbali, atavala kapusi yomwe inabisa nkhope, mapewa otambalala, manja m'matumba. Nawaya anagwira kambewa, koma kamera inapitirira n'kuloza pa khoma. Anaibweza. Anayandikitsa chithunzi. Munthuyo anasuntha phazi, anayang'ana wotchi, ndipo Nawaya anadikira kuti ayende, aone ngati apendekera kumanja. Sanayende. Mlonda anafunsa ngati aitane mayi eni nyumba. Kenako dzuwa linamutentha mlendoyo, anavula kapusi n'kupukuta mutu ndi kansalu. Anali wadazi, wa nkhope yozungulira, munthu yemwe Nawaya sanamuonepo chibadwire.

Zinamutengera nthawi kuti aimirire. Atafika pa geti analankhula naye kudzera m'mipata ya chitsulo. Bamboyo anati iye ndi mkazi wake ali ndi sukulu ya mkaka kumunsi kwa msewu womwewo, ndipo namwino wa m'nyumba muno, yemwe amasiya mwana kumeneko, ndi amene anamulozera. Dzulo masana, ana atagona, kamera ya m'chipinda chogonamo inayamba kuimba nyimbo. Mayi wolera anawo anathawira panja, ndipo lero wakana kubwera kuntchito. Bamboyo anati sanauze makolo, sakudziwa kuti ayambira pati.

Nawaya anafunsa mtundu wa makamerawo. Unali womwewo. Anafunsa ngati akadali oyaka, ndipo bamboyo anati inde, poti ankaopa kugwira chinthu chomwe sachidziwa. Nawaya anabwerera m'kachipinda kake, anatenga chikwama cha zitsulo, n'kuuza mlonda komwe akupita ndi nthawi yoti ayambe kuda nkhawa akapanda kubwera. Anayenda mbali ya khoma, bamboyo ali patsogolo.

M'chipinda chogonamo ana munkanunkha sopo ndi mkaka. Timatiresi tinali titayalidwa pansi, ndipo tiana tingapo tinali titagona kale, tina titayamwa chala. Kamera inali pakona pamwamba pa kabati, nyali yake ikuphethira. Nawaya anavula nsapato, anadutsa pakati pa anawo monyang'ama, anaponda pa kampando n'kuzula waya. Nyali inazima. Kenako anapempha kuti amuonetse bokosi.

Linali mu ofesi, kuseri kwa mulu wa mabuku ojambulamo. Pamwamba pake panali kapepala komata, komwe mmisiri amene anaika makamerawo analembapo dzina ndi nambala yake. Nawaya anaima kaye. Anapukuta fumbi ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo. Linali dzina lomwe sankalidziwa, osati la mwamuna uja. Anakhala pa kampando ka ana, mawondo atafika pa chifuwa, ndipo mkazi wa bambo uja anamubweretsera madzi. Atamwa, anawauza kuti mmodzi wa iwo atenge chiphaso ndi foni, chifukwa pali zolembetsa, ndiponso kuti makolo a anawo auzidwe lero lomwe, asanamve kwa wina.